Mafunso a Owerenga: Mowa, Mapepala ndi Zofunika Pamsewu Mukawoloka Malire

Makalata ambiri amene afika ku tsamba lino mwezi uno achokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo akufunsa za maulendo a pagalimoto opita kunja kwa dziko lino. Zimenezi n'zomveka, pakuti m'maboma awiriwa msewu wa M1 umadutsa m'malire enieni, moti pa Lizulu wogulitsa kabichi amakhala ali ku Malawi pamene mnzake wa tsidya la msewu ali ku Mozambique. Kuyandikana kotereku, kuphatikizapo chinenero chimodzi ndi ubale wamagazi, kumaiwalitsa ambiri kuti tsidya linalo kuli boma lina, apolisi ena ndi malamulo ena a pamsewu.

FUNSO: Alangizi, ine ndimachita malonda a mbatata ya kachewere kuno ku Bembeke, ndipo chaka chino ndagula kapikapu. Ndikufuna ndizipita ndekha ku Tete kudzera pachipata cha Dedza. Anzanga amati lamulo limalola munthu kumwa mabotolo awiri n'kuyendetsa galimoto, bola asadzandire. Kodi n'zoona, nanga tsidya linalo lamulo lake ndi lomwelo? Wamalonda, Bembeke.

YANKHO: Bambo, palibe dziko m'chigawo chino limene lamulo lake limawerenga mabotolo, ndipo palibenso limene limadikira kuti munthu ayambe wadzandira. Chimene apolisi ndi makhoti amayang'ana ndi kuchuluka kwa mowa m'magazi a woyendetsa pa nthawi imene waimitsidwa. Kuno kwathu lamulo la pamsewu la 1997 lidaika mlingo wa magalamu 0.08 a mowa m'mamililita 100 a magazi, ndipo ku Zambia ndi ku Zimbabwe mlingo wake ndi womwewo. Ku Mozambique, kumene inu mukufuna muzipita, lamulo la pamsewu la 2011 lidaika 0.06, ndipo woyendetsa galimoto yonyamula anthu olipira kapena katundu woopsa monga mafuta saloledwa kupezeka ndi mowa m'thupi ngakhale pang'ono. Ku South Africa mlingo ndi 0.05 kwa woyendetsa wamba ndi 0.02 kwa amene kuyendetsa ndi ntchito yawo. Choncho munthu amene magazi ake akusonyeza 0.07 sanapitirire mlingo ali pa boma la Dedza, koma akangodinditsa pasipoti n'kulowa pa Calomue walakwira kale lamulo, ngakhale kuti pakati pa malo awiriwa sanamwepo kanthu kalikonse.

Tsopano tiwerengere mabotolo awiri a anzanuwo. Botolo laling'ono la mamililita 330, la mowa wa mphamvu ya 5 peresenti, limakhala ndi magalamu pafupifupi 13 a mowa weniweni. Kwa mwamuna wolemera makilogalamu 70, botolo limodzi lotere limakweza mowa m'magazi ndi 0.02 kapena 0.03, kutanthauza kuti mabotolo awiri omwedwa motsatizana amamufikitsa pafupi ndi 0.05. Munthu wochepa thupi, mayi, kapena amene wamwa m'mimba mulibe kanthu, amafika pamwamba kuposa apo ndi mabotolo omwewo. Chinanso n'chakuti m'malo omwera a ku Ulongwe ndi ku Tete, mowa wa 2M ndi wa Manica umagulitsidwa kwambiri m'mabotolo akuluakulu a mamililita 550, ndipo awiri otere amaposa mabotolo atatu a kwathu kuno. Za kachasu ndiye sitingawerengere n'komwe, popeza mphamvu yake imasiyana botolo ndi botolo malinga ndi mmene wotcheza watchezera.

Mudziwenso kuti kachipangizo kamene apolisi amakupatsani kuti mupumiremo kamayeza mowa wa mumpweya, ndipo manambala ake ndi ena. Ku Mozambique mlingo wa mumpweya ndi mamiligalamu 0.3 pa lita imodzi, ndipo ku South Africa ndi 0.24. Madalaivala ena akamva za 0.3 amaganiza kuti ku Mozambique amalola mowa wambiri kuposa kuno, chonsecho 0.3 ameneyo ndi 0.06 yemwe uja, kungoti wayezedwa m'njira ina.

Maganizo anga ndi akuti mlingo wathu wa 0.08 ndi wokwera kwambiri, ndipo munthu wanzeru asamautenge ngati chilolezo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa maiko kuti asapitirire 0.05, chifukwa maso ndi manja zimayamba kuchedwa munthu asanadzimve kuti waledzera. Inu mumadziwa mmene chifunga chimatsekera msewu pa Bembeke m'mwezi wa June, pamene wa njinga yosenza matumba a makala amangotulukira pafupi ndi bampala. Pamenepo chimene chimapulumutsa moyo ndi kufulumira kwa phazi kufika pa buleki, ndipo kufulumira kumeneko ndiko kumayamba kutha ndi botolo loyamba.

FUNSO: Ndine dalaivala wa thiraki ndipo ndimapita ku Beira. Tsiku la ulendo sindilawa mowa ngakhale dontho, koma dzulo lake ndimatsanzikana ndi anzanga mpaka pakati pa usiku. M'mawa ndimasamba madzi ozizira, kumwa khofi wowawa ndi kudya nsima yotentha. Kodi pamenepa pali vuto? Dalaivala, Kampepuza, Ntcheu.

YANKHO: Vuto lilipo, Bambo, ndipo pa makalata onse a mwezi uno lanu ndi limene landidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa anthu ambiri amene amagwidwa m'mawa amakhala otsimikiza mumtima kuti sanamwe. Mowa umachotsedwa m'thupi ndi chiwindi, ndipo chiwindi chili ngati chigayo cha pamudzi chimene chimagaya thumba limodzi pa nthawi yake, kaya pamzere pali matumba angati. Mwa anthu ambiri mowa wa m'magazi umatsika ndi 0.015 pa ola limodzi. Madzi ozizira, khofi, nsima, kuthamanga kapena kutuluka thukuta zikhoza kukuchangamutsani, koma sizifulumizitsa chiwindi.

Tiyerekeze kuti mwamwa mabotolo 7 kapena 8 kuyambira madzulo, ndipo pofika 12 koloko usiku magazi anu ali pa 0.15. Pakapita maola 6 mudzakhala mutatsika ndi 0.09 yekha, kutanthauza kuti 6 koloko m'mawa, pamene mukuliza injini, muli pa 0.06. Kuti mowa utheretu pafunika maola 10, ndiye kuti cha m'ma 10 koloko m'mawa, nthawi imene inu mumakhala mutawoloka kale malire. Ngati tsiku limenelo mwanyamula mafuta kapena katundu wina woopsa, lamulo la ku Mozambique silikulolani ngakhale kadontho, ndipo kwa katundu wamba muli pa mlingo weniweni wolakwira lamulo. Matupi amasiyana, ndipo ena amachedwa kuposa mmene ndawerengeramu.

Zimene amauzana madalaivala, zakuti kutafuna mtedza, adyo kapena chingamu kumasokoneza kachipangizo ka apolisi, n'zabodza. Zinthu zimenezo zimangobisa fungo la m'kamwa, pamene kachipangizoko kamayeza mpweya wochokera mkati mwa mapapo. Mankhwala ena otsukira m'kamwa ndi ena a chifuwa amakhala ndi mowa, moti m'malo mokuthandizani akhoza kukweza nambala. Onjezanipo kuti tulo ta munthu womwa sitipumitsa thupi mokwanira, ndiye mukadutsa Moatize n'kulowa m'dzuwa la ku Tete muli ndi matsire, kusinza kumabwera kosagogoda. Anzanuwo muzitsanzikana nawo kutatsala masiku awiri, ndipo usiku wotsiriza ukhale wogona.

FUNSO: Ine ndi amuna anga tikufuna kupita ku Joni kukaona mwana wathu, ndipo tibwereka galimoto ya achimwene anga. Tidzera ku Tete ndi ku Harare. Kodi tinyamule mapepala ati ndi zipangizo ziti kuti tisavutike m'njira? Mayi, Dedza Boma.

YANKHO: Mayi, ulendo wanuwo uli ndi zipata zitatu, cha Dedza ndi Calomue, cha Cuchamano ndi Nyamapanda polowa mu Zimbabwe, ndi cha Beitbridge powoloka Limpopo kulowa ku Musina, ndipo pa chipata chilichonse galimoto imafunsidwa mafunso ake payokha, kupatula a eni mapasipoti. Poyamba pakufunika bulubuku yeniyeni ya galimotoyo. Popeza dzina lolembedwamo si lanu kapena la amuna anu, achimwene anuwo alembe kalata yokulolani kutuluka nayo m'dziko, yotchula nambala ya galimoto, dzina la woyendetsa, maiko amene mudutsemo ndi masiku a ulendo, ndipo kalatayo idindidwe ndi loya kapena mkulu wina wovomerezeka kulumbiritsa anthu. Ngati galimotoyo idagulidwa pa ngongole imene isanathe, banki nayonso iyenera kupereka kalata yake. Pitaninso kupolisi kukatenga chikalata cha INTERPOL chotsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa, ndipo musananyamuke muyerekeze nokha manambala a injini ndi a chasisi ndi amene alembedwa m'mapepala, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chikhoza kukugonekani pachipata.

COF, chikalata chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi inshulansi zikhale zoti sizitha mphamvu muli m'njira. Laisensi yathu yamakono idapangidwa motsatira dongosolo la SADC ndipo imalandiridwa m'maiko atatu onsewa, malinga ngati ili ya gulu loyenera galimoto imene munthu akuyendetsa. Potuluka, a MRA amalemba kuti galimoto yatuluka ndipo idzabwerera. Polowa dziko lililonse mudzapatsidwa chikalata cholola galimoto yachilendo kukhalamo kwa masiku owerengeka, chimene madalaivala amachitcha TIP. Chisungeni monga musungira pasipoti, popeza chimafunsidwa pa malodibuloko ndipo mumayenera kuchibweza potuluka. Ku Zimbabwe mudzalipiranso msonkho wa utsi, ndalama yogwiritsira ntchito msewu ndi ya pa mageti a m'njira, choncho khalani ndi madola a ku America ang'onoang'ono, ndipo pa chilichonse chimene mwalipira mulandire lisiti.

Ku mbali ya zipangizo, chizolowezi chathu chothyola nthambi n'kuziyala pamsewu galimoto ikafa chisiyeni kumudzi. Ku Mozambique ndi ku Zimbabwe amafuna matrayango ofiira awiri, lina loika kutsogolo ndi lina kumbuyo. Ku Mozambique amafunanso jekete yonyezimira yovala potuluka m'galimoto pamsewu, ndipo ndi bwino kukhala ndi ziwiri, zopachikidwa pampando pamene wapolisi akhoza kuziona, osati zokwiriridwa pansi pa matumba a ufa ndi nyemba zimene mukutengera mwana wanu. Ku Zimbabwe amayang'ana chozimitsira moto chimene sichinathe mphamvu, tayala lapadera lokhala ndi mpweya, jeke, sipanala yomasulira matayala, komanso zonyezimira zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo kwa galimoto. Matani kumbuyo chizindikiro cha MW chosonyeza dziko lanu. Mukakoka kangolo, ku Mozambique amafuna chizindikiro cha ngodya zitatu cha mtundu wabuluu ndi wachikasu, kutsogolo kwa galimoto ndi kumbuyo kwa ngoloyo.

Maiko onsewa amayendetsa kumanzere monga ife, ndiye pamenepo simudzasokonezeka. Chimene chimagwetsa alendo ambiri m'chindapusa ndi liwiro la m'midzi ya m'mbali mwa msewu ku Mozambique, kumene malire a liwiro amatsika kufika makilomita 60 pa ola ngakhale pamalo pamene pakuoneka nyumba zitatu zokha, ndipo simuyenera kuwonjezera moto mpaka mutaona chikwangwani chosonyeza kuti mudziwo watha.

FUNSO: Ndidagula Yellow Card ya COMESA popita ku Lusaka ndipo ikadali ndi mphamvu. Kodi indithandiza ku Tete? Mphunzitsi, Linthipe.

YANKHO: Ayi, Aphunzitsi. Yellow Card, imene ndi inshulansi ya galimoto zodutsa malire, imagwira ntchito m'maiko amene adalowa m'dongosolo lake, monga Zambia, Zimbabwe, Tanzania, Kenya ndi DRC, ndipo yanuyo imagwira m'maiko okhawo amene adalembedwapo pogula. Mozambique sili m'dongosolo limeneli, choncho pa Calomue mudzagula inshulansi ya kumeneko yolipirira anthu ena amene mungawavulaze kapena kuwaonongera katundu. Ku South Africa nakonso sigwira ntchito. Kumeneko ovulala pa ngozi za pamsewu amathandizidwa ndi thumba la Road Accident Fund, limene ndalama zake zimachokera pa mtengo wa mafuta, koma thumbalo sililipira galimoto ya munthu wina imene mwaigunda. Funsani kampani yanu ya inshulansi ngati pangano lanu limakutetezani kunja kwa Malawi, ndipo muwerenge ndime yonena za mowa, popeza mapangano ambiri amakana kulipira ngozi imene yachitika woyendetsa atapitirira mlingo.

FUNSO: Malume athu adamwalira ku Domwe, m'boma la Angónia, ndipo mwezi wamawa tikukamanga chiliza. Ndi pafupi, ndipo anthu timangodutsa wapansi masiku onse. Kodi galimoto nayonso ifunika mapepala? Tanyamulanso mowa wa pamwambo, ndipo abale ena adzafuna kumamwa m'njira. Mayi, Njolomole, Ntcheu.

YANKHO: Pepani ndi imfa ya malume anu, Mayi. Kufupika kwa ulendo sikuchotsa lamulo. Kuti anthu a m'malire amadutsa wapansi kukagula kapena kukalima n'zodziwika, koma galimoto kapena njinga yamoto yolowa kudzera m'tinjira ta m'minda imakhala yalowa m'dziko la eni popanda chilolezo, ndipo ikhoza kulandidwa. Choipa kwambiri chimaoneka pakachitika ngozi, chifukwa woyendetsa amapezeka alibe inshulansi ya kumeneko, alibe chikalata cha galimoto, ndiponso palibe chidindo chosonyeza kuti adalowa liti. Dzerani pa Biriwiri kapena pa Dedza, ngakhale njirayo ikhale yozungulira.

Za mowawo, lamulo la ku Mozambique limaletsa kunyamula zakumwa zoledzeretsa m'mbali ya galimoto imene mumakhala anthu. Makreti ndi zigubu zikhale m'buti kapena kumbuyo kwa lole, zotsekedwa, ndipo okwera apirire mpaka mutafika. Wapolisi akasuzumira pawindo n'kuona botolo lotsegula pakati pa mapazi a munthu, mlandu umagwera woyendetsa ngakhale iyeyo asanalawe. Ngati mowawo ndi wambiri, uonetseni kwa a kasitomu pachipata m'malo moubisa.

Chimene ndikufuna kuchitsindika ndi ulendo wobwerera. Pa mwambo wa Angoni, mlendo wochokera kutali amalandiridwa ndi nyama ndi chipanda, ndipo mnyamata amene akulu amupatsira chikho ndi manja awiri amaona kuti kukana n'kunyoza. Musamusiye yekha woyendetsa wanu pa vuto limeneli. Mukangofika, wamkulu wa gulu lanu anene pamaso pa eni mudzi kuti mwana uyu ndiye wanyamula miyoyo yathu, choncho chipanda chimudumphe. Mawu otere akachokera kwa wamkulu palibe amene amakhumudwa nawo. Mupatseni thobwa la tsiku lomwelo, chifukwa logonera masiku angapo limakhala litayamba kusasa ndipo limakhala ndi mowa. Mukaona kuti walawa ndithu, gonani komweko. Kwa malume anu sikungasowe mphasa.

FUNSO: Gulu lathu lachita hayala minibasi yopita ku Kulamba chaka chino. Tiyang'ane chiyani? Mlembi wa gulu, Chimbiya, Dedza.

YANKHO: Mwambo wa Kulamba umachitikira ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, Loweruka lotsiriza la August, pamene Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo masiku amenewo pachipata cha Mchinji ndi Mwami pamakhala mzere wautali, choncho mapepala akonzedwe sabata isanafike. Mwini minibasi akuonetseni chilolezo chonyamula anthu kupita kunja kwa dziko, Yellow Card yolembedwa Zambia, COF, ndi chiphaso cha dalaivala chomulola kunyamula anthu. Ku Zambia amafunanso matrayango awiri ndi zonyezimira zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo, ndipo pali msonkho wa utsi ndi wa misewu, zimene muyenera kugwirizana msanga kuti alipira ndani.

Pa maulendo otere ngozi imafungatiridwa masana, pamene inu muli kubwalo kuonera Gule Wamkulu ndipo dalaivala watsala yekha pamalo oimika magalimoto kwa tsiku lathunthu, ndalama ya chakudya ili m'thumba ndipo ogulitsa mowa ali pomwepo. Lembani m'pangano la hayala kuti dalaivala sadzamwa kuyambira dzulo la ulendo mpaka atakutulani kwanu, ndipo makiyi asunge tcheyamani wa gulu kufikira nthawi yonyamuka. Ngati mungathe, pitani ndi madalaivala awiri.

FUNSO: Mwana wanga wamangidwa ku Johannesburg. Akuti sankayendetsa, adangokhala m'galimoto ya bwana wake panja pa malo omwera, injini ikulira chifukwa kunkazizira. Kodi umenewu ndi mlandu? Nanga ife kuno tingachite chiyani? Bambo wodandaula, Tsangano.

YANKHO: Bambo, ndikumva ululu umene uli m'kalata yanu, koma ndiyenera kukuuzani zoona. Malinga ndi gawo 65 la lamulo la pamsewu la ku South Africa la 1996, kukhala pampando wa dalaivala injini ikulira, pamsewu wa anthu onse, uli ndi mowa wopitirira mlingo, ndi mlandu wofanana ndi kuyendetsa kumene. Kumeneko nkhani yotere sithera pa chindapusa cha pamsewu. Munthu amamangidwa, amatengedwa kukapimidwa magazi, zimene lamulo limafuna kuti zichitike pasanathe maola 2, ndipo kukana kupimidwa ndi mlandu wina pawokha. Kenaka amasungidwa m'chitokosi mpaka atapatsidwa belo, ndipo mlendo amene alibe keyala yodziwika bwino belo imamuvuta. Khoti likamupeza wolakwa likhoza kumulipiritsa chindapusa kapena kumutsekera kundende mpaka zaka 6, ndipo wolakwa koyamba amaletsedwa kuyendetsa kwa miyezi yosachepera 6.

Kwa Mmalawi pali zopweteka zina zimene mwini dziko sakumana nazo. Dzina limalowa m'kaundula wa anthu opalamula, ndipo kaundula ameneyo amayang'anidwa munthu akamapempha chilolezo cha ntchito kapena chokhalira m'dzikomo. Amene adalowa ngati mlendo amapatsidwa masiku 30 okha, pamene mlandu umatha kutenga miyezi podikira zotsatira za magazi. Kuyambira 2014, wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, kapena zaka 5 ngati wapitirira ndi masiku oposa 30. Akulu adati kwa eni kulibe mkuwe, ndipo n'chifukwa chake mwana wanu afunika womuyankhulira wodziwa malamulo a kumeneko.

Muuzeni apemphe loya. Ngati alibe ndalama, bungwe la Legal Aid South Africa limathandiza osauka pa milandu yaupandu, ndipo iye ali ndi ufulu wopempha womasulira m'khoti. Asasaine chikalata chovomera kulakwa asanamvetse zotsatira zake, chifukwa ambiri amasaina pofuna kutuluka msanga osadziwa kuti akudzilembetsa okha m'kaundula uja. Abale amene ali kumeneko adziwitse ofesi ya kazembe wa Malawi ku Johannesburg kapena ku Pretoria. Ofesiyo singathetse mlandu, koma ikhoza kumuyendera ndi kukudziwitsani kumene akusungidwa. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti akatuluka pa belo musamulimbikitse kuthawira kuno. Akatero khoti lidzatulutsa chikalata chomumangira, ndipo tsiku lililonse limene adzayese kuwolokanso pa Beitbridge chikhoza kumupeza. Musatumizenso ndalama kwa munthu wosadziwika amene akuimba foni n'kumati akhoza kusowetsa failo.

FUNSO: Pa lodibuloko ina tsidya linalo adandilanda laisensi n'kundiuza kuti ndilipire pomwepo, koma za lisiti sadatchule. Chipwitikizi sindichidziwa. Ndikadachita bwanji? Wamalonda a nsalu, Lizulu.

YANKHO: Mukaimitsidwa, Bambo, patukani bwinobwino, zimitsani wailesi, perekani moni ndipo musatuluke m'galimoto mpaka atakuuzani. M'chigawo cha Tete anthu ambiri amamva Chinyanja kapena Chinyungwe, choncho yambani ndi chinenero chanu mwaulemu musanataye mtima. Funsani kuti mwalakwa chiyani, ndipo ngati akuti mumathamanga, pemphani kuona nambala pa makina awo. Chindapusa chenicheni chimalembedwa pa fomu ya boma yokhala ndi nambala, yotchula mlandu ndi ndalama yake, ndipo wolipira amalandira lisiti. Ngati zimenezi palibe, nenani modekha kuti ndinu wokonzeka kukalipira ku siteshoni ya polisi, ndipo lembani malo, nthawi ndi nambala ya galimoto yawo. Ku Tete kuli ofesi ya kazembe wa Malawi kumene mungakadandaule. Kunyamula mafotokope a mapepala anu odindidwa ndi loya kumathandiza, koma enieniwo akhale nanu, popeza wapolisi ali ndi mphamvu yofuna kuwaona.

Kupereka ya fanta ndi mlandu wa ziphuphu m'maiko onsewa, kwa wopereka ndi wolandira yemwe. Ndanenapo kale pa tsamba lino kuti mphamvu yokana imakhala ndi munthu amene zake zonse zili m'malo. Amene akununkha mowa, kapena amene jekete yonyezimira adaiwala kunyumba, sangalimbe mtima kunena kuti tiyeni ku siteshoni.

FUNSO: Ndapeza ntchito ya unamwino ku Scotland. Kodi laisensi yanga ya ku Malawi ikagwira ntchito, nanga malamulo a mowa ndi otani kumeneko? Namwino, Ntcheu Boma.

YANKHO: Tikukufunirani zabwino, Mayi. Laisensi yanu mukhoza kuyendetsera galimoto yaing'ono kwa miyezi 12 kuchokera tsiku limene mwakhazikika ku Britain. Malawi sili pa mndandanda wa maiko, monga South Africa ndi Zimbabwe, amene laisensi zawo zimangosinthidwa, choncho miyeziyo isanathe mudzafunika kutenga laisensi yophunzirira ndi kukhoza mayeso awo olemba ndi a pamsewu. Yambani msanga, chifukwa malo a mayeso amadikiritsa.

Ku Scotland mlingo wa mowa ndi 0.05 kuyambira December 2014, pamene ku England ndi ku Wales ndi 0.08, moti dziko limodzi lomwelo lili ndi milingo iwiri. Wopezeka wolakwa amalandidwa laisensi kwa miyezi yosachepera 12, akhoza kupita kundende, ndipo inu monga namwino mudzayenera kudziwitsa bungwe loyang'anira anamwino za mlanduwo. Mukadzawolokera ku maiko ena a ku Ulaya pa tchuthi, kumbukirani kuti ambiri mwa maikowo amayendetsa kumanja, ndipo mlingo ndi 0.05 ku France ndi ku Germany, 0.02 ku Sweden ndi ku Poland, pamene ku Hungary ndi ku Czech Republic woyendetsa saloledwa kupezeka ndi mowa uliwonse m'magazi.